Kodi Mulungu akundiitanira kuti? Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya maitanidwe

Lamulungu lachinayi la nyengo ya Pasaka, lija timamva uthenga wa Mbusa Wabwino, Mpingo pa dziko lonse umapempherera maitanidwe. Mwambowu anauyambitsa ndi Papa Paul VI m'chaka cha 1964. M'tchalitchi tsiku limenelo achinyamata amamvetsera ulaliki ali duu. Mafunso amadzatuluka Misa itatha, kuseri kwa tchalitchi, anthu akumasula njinga zawo patsinde pa mtengo wa mango. Mnyamata amayamba ndi nkhani ya mpira, kenako n'kutsitsa mawu: "Koma akulu, munthu amadziwa bwanji?" Ndayenda ndi achinyamata a m'parishi kwa zaka zingapo, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndawamva mobwerezabwereza.

Kodi maitanidwe ndi nkhani ya ansembe ndi asisitere okha?

Ayi. Tinazolowera kunena kuti "mwana wa uje ali ndi maitanidwe" tikamuona akunyamula katundu kupita ku seminale, ngati kuti otsalafe Mulungu anatidumpha. Kuitana koyamba kunachitika tsiku limene madzi a ubatizo anatsika pamutu panu. Msonkhano waukulu wa Vatican II unanena momveka mu 1964 kuti wobatizidwa aliyense, kaya ndi episkopi kaya ndi mayi wogulitsa tomato pamsika, akuitanidwa kukhala woyera. Chimasiyana ndi njira: wina ukwati, wina unsembe, wina usisitere kapena ubulazala, wina kukhala wosakwatira n'kumatumikira Mulungu pakati pa abale ake.

Ndimakonda kukumbutsa achinyamata za Benedict Daswa wa ku Limpopo, m'dziko la South Africa. Anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale, katekisiti, bambo wa ana 8. Mphezi zitawotcha nyumba m'mudzi mwawo, anthu anapangana zosonkha ndalama kuti sing'anga adzaloze mfiti. Iye anakana kusonkha. Pa 2 February 1990 anamubisalira panjira n'kumupha. Mu 2015 Mpingo unamutcha wodala. Mkanjo wa unsembe sanauvalepo, koma kuitana kwake anakuyankha mpaka magazi.

Sindinamvepo mawu alionse, ngakhale kulota sindinalotepo. Ndiye kuti sindikuitanidwa?

Werengani mutu 3 wa buku loyamba la Samuele. Mnyamata uja ataitanidwa usiku anathamangira kwa Eli katatu konse. Mawu a Mulungu anamveka ngati mawu a nkhalamba imene ankakhala nayo tsiku ndi tsiku. Ndipo Samuele sanazindikire yekha. Anachita kuuzidwa ndi Eli kuti akagone, ndipo akamvanso ayankhe kuti, "Lankhulani Ambuye, mtumiki wanu akumva." Mneneri Eliya nayenso pa phiri la Horebu sanapeze Mulungu mumphepo yamkuntho, m'chivomezi kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi.

Kwa anthu ambiri kuitana kumabwera choncho. Kamaganizo kamene mumakathamangitsa koma kamabwerera chaka ndi chaka. Chimwemwe chimene mumakhala nacho mukaperekeza akatekisiti kukaona odwala, chimene simuchipeza kwina. Mawu a mayi wina wa kumphakati amene anakuyang'anani mukuphunzitsa ana a Tilitonse n'kunena kuti, "Iwe, unayamba waganizapo?"

Maloto alipo, ndipo Yosefe woyera anatsogozedwa nawo. Koma musamange moyo wanu wonse pa loto limodzi, ndiponso musaupereke m'manja mwa munthu wodzitcha mneneri amene akuti anakuonani m'masomphenya mutavala nsalu kumutu, kapena kuti wakutiwakuti ndiye mwamuna wanu. Mpingo umayang'ana zinthu zitatu pamodzi: chifuniro chokhalitsa mumtima mwa munthu, kuyenera kwake pa thanzi, nzeru ndi khalidwe, ndi kuvomereza kwa amene ali ndi udindo womulandira. Chimodzi chikasowa, mphika sukhala pamafuwa.

Ndisiyanitsa bwanji kufuna kwa Mulungu ndi zilakolako zanga?

Apa mphunzitsi wamkulu ndi Ignatius woyera wa ku Loyola. Anali msilikali wonyada, ndipo mu 1521 chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona. Ali chigonere kwa miyezi, ankati akaganiza za ulemerero wa kunkhondo ndi za mkazi wina wolemekezeka, akomedwa, koma maganizowo akatha mtima unkatsala wouma. Akaganiza zotsata Khristu monga anachitira oyera mtima, chimwemwe chake chinkatsalira ngakhale patapita maola. Anayamba kuyang'anitsitsa kusiyana kumeneko, ndipo m'menemo munachokera njira imene Mpingo ukugwiritsabe ntchito.

Inunso mungachite zomwezo. Madzulo aliwonse, foni mutaiika patali, khalani mphindi 10 pamaso pa Mulungu mukubwereza tsiku lanu. Ndi pati pamene mtima unali pamtendere, wofuna kupemphera ndi kukonda anthu? Ndi pati pamene unali wolemera, wodzikonda, wothawa Mulungu? Lembani m'kope. Pakatha miyezi itatu kapena inayi mudzaona kanjira kakuoneka m'zolemba zanuzo, ngati njira ya kudimba imene imachita kuoneka anthu akaipondaponda.

Ignatius anasiya lamulo limodzi limene ndimalibwereza kwa aliyense: mtima ukakhala mumdima, musasinthe zimene munatsimikiza muli m'kuwala. Chibwenzi chikangotha dzulo, lero si tsiku lolemba kalata yopita ku chisisitere. Mukakangana ndi mkulu wa seminale, usiku umenewo si wolongedza chikwama.

Dziwaninso kuti palibe amabwera ndi zolinga zoyera zokhazokha. Mwana amatha kukopeka ndi galimoto la parishi, ndi zovala za pa Misa, ndi sukulu yabwino ya ku seminale. Zimenezi sizindidabwitsa, ndipo Mulungu amatha kuyambira pomwepo. Funso limabwera pambuyo pake: galimoto litachoka, atakutumizani ku parishi ya kutali kumene matope a dzinja amatsekereza msewu, nthambi zili 30 ndipo chopereka sichikwanira mafuta a njinga yamoto, mudzafunabe?

Ndimaganiza za unsembe, koma atsikana amandisangalatsa. Si chizindikiro choti njira yanga ndi ukwati?

Ndi chizindikiro choti ndinu munthu wamoyo. Wansembe kapena sisitere sasiya banja chifukwa choti banja n'loipa kapena chifukwa choti thupi lake ndi lozizira. Amasiya chinthu chabwino chifukwa cha Ufumu wa Mulungu, ndipo kusiyako kumapweteka, makamaka kwathu kuno kumene munthu amatchedwa ndi dzina la mwana wake. Amene angakhale bambo wabwino wa ana ndi yemweyo angakhale bambo mfumu wabwino. Chimene ndimakana ndi kuyenda njira ziwiri nthawi imodzi: kukhala ku seminale uku mukusunga mtsikana kumudzi kuti mwina zikakanika. Kumeneko n'kumulakwira mtsikanayo, ndipo chizolowezi chobisa chikayamba pamenepo sichitha ndi mafuta a kudzoza.

Ndine woyamba kubadwa ndipo kwathu amadalira ine. Ndikapita, adzawasamala ndani?

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo sindimaliyankha mothamanga. Ndikukumbukira mtsikana wina amene anakhala pabenchi ya kumbuyo akupotokola mpango m'manja. Mayi ake anagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a chimanga kuti iye alembe mayeso a Fomu 4. Azing'ono ake atatu anali ku pulaimale. Anati, "Ndikawauza kuti ndikupita ku chisisitere, ndiwayang'ana bwanji kumaso?"

Tinene zoona zake. Sisitere kapena bulazala amalumbira umphawi. Akamagwira ntchito ya unamwino kapena ya uphunzitsi, malipiro ake amapita ku chipani, gulu la asisitere kapena abulazala limene analowamo, sakhala ake oti azitumiza kumudzi mwezi ndi mwezi. Wansembe wa dayosizi salumbira umphawi motero, koma zimene amalandira n'zochepa, ndipo ndalama za parishi si za banja lake. Banja limene likuganiza kuti mwana akadzozedwa ndiye kuti umphawi watha likudzikonzera kukhumudwa, ndipo likumukonzera mwanayo mayesero.

Komanso lamulo lolemekeza atate ndi amayi silinafafanizidwe. Pa Marko mutu 7 Yesu anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo n'choperekedwa kwa Mulungu pofuna kuzemba kusamala makolo. Ali pamtanda, anaonetsetsa kuti amayi ake atsala m'manja mwa Yohane. Ngakhale pamene Yakobo ndi Yohane anasiya bambo awo Zebedayo m'ngalawa, Marko akutiuza kuti anawasiya ndi antchito. Sanawasiye okha panyanja.

Choncho ngati makolo anu ndi odwala, kapena ndinu amene mukulera ana amasiye ndipo palibiretu wina, n'kutheka kuti Mulungu akuti dikirani kaye, ndipo akuluakulu a zipani amatha kukuuzani zomwezo. Zaka ziwiri kapena zitatu zogwira ntchito, mng'ono wanu n'kumaliza sukulu, sizipha maitanidwe enieni. Koma ngati nkhani ndi yoti banja likufuna nyumba ya malata kuchokera kwa inu, khalani pansi ndi makolo, amalume ndi bambo mfumu, mukambirane poyera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la banja lonse lisakhale pamutu pa mwana mmodzi. Mtsikana uja anadikira, anagwira ntchito, ndipo nkhaniyo anaitula kwa amalume ake asanaitule kwa mayi.

Makolo akundikakamiza. Anandipereka kwa Mulungu ndili m'mimba.

Lonjezo la makolo silimanga mwana. Malamulo a Mpingo amanena kuti mkhristu aliyense ali ndi ufulu wosankha njira ya moyo wake popanda kuumirizidwa, ndipo amaletsa kukakamiza munthu kulandira unsembe. Malumbiro ochitidwa chifukwa choopsezedwa sagwira ntchito, chimodzimodzi ukwati wokakamiza. Alemekezeni makolo, athokozeni chifukwa cha chikhulupiriro chawo, koma muuze mlangizi wanu wa zauzimu zoona zake.

Ndikufuna unsembe. Ndiyambire pati, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Yambirani kwa bambo mfumu a parishi yanu. Iwo adzakulumikizani ndi wansembe woyang'anira za maitanidwe mu dayosizi. M'Malawi muli madayosizi 8: Blantyre, Lilongwe, Chikwawa, Dedza, Karonga, Mangochi, Mzuzu ndi Zomba. Anyamata ena amayambira ku seminale yaing'ono atamaliza Sitandade 8, monga ku Nankhunda ku Zomba, ku Mlale ku Lilongwe, ku Pius XII ku Nguludi, ku St Kizito ku Dedza kapena ku St Patrick's ku Rumphi. Koma amene anaphunzira ku sekondale wamba, ngakhale amene anayamba kale ntchito, khomo silinawatsekekere.

Akamaliza Fomu 4, ofuna unsembe wa dayosizi amakakhala chaka chosula moyo wauzimu ku Kasina m'boma la Dedza. Kenako amapita ku Kachebere ku Mchinji, seminale imene inatsegulidwa mu 1939, kukaphunzira filosofi, n'kudzamalizira maphunziro a zaumulungu ku St Peter's ku Zomba. Pakati pake amatumizidwa kumaparishi kukaphunzira ntchito. Zonse pamodzi sizichepera zaka 8. Malamulo a Mpingo salola munthu kudzozedwa udikoni wopita ku unsembe asanakwanitse zaka 23, kapena unsembe asanakwanitse zaka 25.

Palinso njira ya zipani, monga a Montfort amene anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers amene anakhazikika ku Mua mu 1902, a Comboni, a Jesuit, a Salesian, a Carmelite ndi ena. Wansembe wa dayosizi amatumikira kwawo pansi pa episkopi wake. Wa chipani amakhala ndi abale ake m'gulu ndipo atha kutumizidwa dziko lililonse. Amene sangapirire kukhala zaka osaona kwawo aganizire bwino zimenezi.

Zaka zimenezi zisakuopseni. Bambo Cornelio Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu 1937, anayenda njirayi popanda wa mtundu wake womutsogolera, ndipo patatha zaka 20 anakhala episkopi ku Dedza.

Nanga usisitere ndi ubulazala?

Mtsikana amayamba ndi kuchezera chipani chimene chamukopa, kukhala nawo masiku angapo, kuona mmene amadzukira, mmene amapempherera, mmene amalankhulirana pa chakudya. Musasankhe chipani chifukwa cha mtundu wa chovala. Asisitere a Poor Clares ku Lilongwe moyo wawo ndi wa pemphero m'kati mwa mpanda. A Teresian, a Servants of the Blessed Virgin Mary ndi a Rosarian, zipani zimene zinabadwira m'Malawi momwe muno, mumawapeza m'sukulu, m'zipatala ndi m'maparishi. Mtima umene ungakondwe kumodzi utha kufota kwinako.

Akalandiridwa amakhala kaye nthawi yoyesedwa, kenako novisheti, nyengo yophunzira moyo wa m'chipani, imene siyamba munthu asanakwanitse zaka 17 ndipo imatenga miyezi 12 mpaka zaka ziwiri. Malumbiro oyamba ndi akanthawi, ndipo nyengo yake imakhala zaka zitatu mpaka 6 munthu asanachite malumbiro amuyaya. Mpingo unaika makwerero onsewa dala, kuti munthu akhale ndi mpata wobwerera mwaulemu.

Abulazala timawaiwala kwambiri. Bulazala si munthu amene unsembe unamukanika. Ndi mwamuna amene wasankha malumbiro a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, n'kumatumikira ngati m'bale. Amene anaphunzira m'manja mwa a Marist ku Mtendere kapena ku Likuni amadziwa ntchito yawo.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse. Munthu aliyense, ngakhale wovala mkanjo, akakuuzani kuti akuthandizani kulowa koma muzikumana mobisa, kapena akayamba kukugwirani mosayenera, ameneyo si Eli. Chokanipo, muuze munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo nkhaniyo ikafike kwa akuluakulu a dayosizi ndi kupolisi.

Mayeso sindinakhoze bwino. Basi zathera pomwepo?

Seminale ndi zipani zimafuna satifiketi ya MSCE yooneka bwino, chifukwa maphunziro a kutsogolo ndi olemera. Funsani zimene akufuna, ndipo ngati n'kotheka bwerezani. John Vianney woyera Chilatini chinamuzunza mpaka anabwezedwa ku seminale, koma wansembe wina anamuphunzitsa payekha ndipo anadzozedwa mu 1815 ali ndi zaka 29. Lero ndiye nkhoswe ya ansembe a m'maparishi. Koma mukayesa kawiri katatu khomo osatseguka, musakhale pakhomopo moyo wanu wonse mukugogoda.

Ndikalowa kenako n'kutuluka, sindikhala ndi tsoka?

Bodza limeneli lavulaza anthu ambiri. Kumudzi amati "anathawa ku seminale," ndipo bizinesi yake ikagwa kapena mwana wake akadwala amanong'onezana kuti ndi chilango. Seminale ndi novisheti ndi malo ofufuzira. Amene wafufuza moona n'kupeza kuti njira yake ndi ina wachita chimene anapitira. Choopsa ndi kukhalabe chifukwa cha manyazi, n'kudzalumbira pamaso pa Mulungu zimene mtima ukukana.

Pa Marko mutu 5, munthu amene Yesu anamuchotsa ziwanda anapempha kuti azipita naye. Yesu anamukaniza, namuuza kuti apite kwawo akauze abale ake zimene Ambuye amuchitira. Kumeneko kunalinso kutumidwa. Louis Martin wa ku France anakanidwa ku nyumba ya amonke chifukwa sankadziwa Chilatini. Zélie Guérin naye anakanidwa ku chisisitere. Anakwatirana mu 1858, anabereka ana 9, anayi anamwalira ali aang'ono, ndipo asanu otsalawo onse anakhala asisitere. Wotsiriza ndi Thérèse woyera wa ku Lisieux, amene asisitere athu a Teresian amatchedwa ndi dzina lake. Makolowo anatchedwa oyera limodzi mu 2015.

Inu a kumphakati, mnyamata akabwerera ndi chikwama chake, mulandireni. Mupatseni Mawu awerenge Lamulungu likudzalo. Ndipo inu amene mwatuluka, ngati mudzafune kuyesa ku chipani china, nenani mbiri yanu yonse, chifukwa malamulo amafuna kuti iwo afunse kumene munachokera.

Ukwati nawonso umafuna kufufuza chonchi?

Kwambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti wofuna unsembe amakonzekera zaka 8 pamene wofuna ukwati nthawi zina amathera miyezi yake pa makomiti a zovala ndi holo. Mu sakramenti limeneli mwamuna ndi mkazi ndi amene amapatsana sakramentilo mwa kuvomerezana kwawo, wansembe amakhala mboni ya Mpingo. Ndiye kuvomerako kukhale kwa munthu wodziwa chimene akuvomera.

Muoneni mnzanuyo akakwiya. Muoneni mmene amalankhulira ndi mayi ake, ndi kondakitala wa minibasi, ndi mwana wa eni ake. Kambiranani za ndalama, za mowa, za kumene mudzakhale, kaya ndi chitengwa kaya chikamwini. Kayezetseni magazi limodzi. Funsanani funso limene ambiri amaliopa: tikadzapanda kubereka, tidzatani? Mpingo umaphunzitsa kuti ukwati wopanda mwana ndi ukwati wathunthu, koma achibale adzabwera ndi maganizo ena, ndipo ndi bwino yankho likhale lokonzeka. Mimba si chifukwa chokwanira chomangira ukwati woyera. Mwana asamalidwe ndi onse awiri, koma malumbiro a moyo wonse asachitike chifukwa cha mantha. Lamulo la dziko la Malawi nalo silola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ngati mnzanuyo ndi wa mpingo wina, pamafunika chilolezo cha episkopi, ndipo inu Mkatolika mumalonjeza kusunga chikhulupiriro chanu ndi kuyesetsa kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Mpingo. Nkhani imeneyi ikambidwe chinkhoswe chisanachitike.

Zaka zapita. Sindinakwatiwe, sindinenso sisitere. Mulungu anandiiwala?

Ndikudziwa kuti mawu a anthu amalasa, makamaka pa maukwati a azing'ono anu. Sindikunamizani kuti kusungulumwa kulibe. Koma moyo wanu suli pamzere wodikira. M'parishi iliyonse muli azakhali amene alera ana a abale awo omwalira, aphunzitsi amene alipirira fizi ana osawabala, amayi a Legio amene amadziwa khomo la wodwala aliyense. Ambiri a iwo sanasankhe kukhala okha, koma m'mene zinthu zinawagwera anayankha Mulungu ndi zimene zinali m'manja mwawo.

Mbiri yanga si yabwino. Mulungu angaitane munthu ngati ine?

Petulo anamukana Yesu katatu, Paulo anazunza Mpingo, Augustine woyera anali ndi mwana asanabatizidwe. Pitani ku sakramenti la kulapa, ndipo zimene mwanena m'menemo wansembe sangazitulutse kwa wina aliyense, ngakhale kwa amene akuweruza zoti mulandiridwe. Koma udindo umene zakalezo zinasiya ndi wanu ndithu. Ngati muli ndi mwana, mwanayo ndi gawo la kuitanidwa kwanu, ndipo kumubisa kuti mulowe ku seminale n'kumanga nyumba pa chulu cha chiswe.

Ndidikire mpaka liti kuti nditsimikize?

Kutsimikiza kopanda kachikaiko n'komwe simudzakupeza. Maria anavomera kwa mngelo asanadziwe za ulendo wa ku Ejipito kapena za Kalvare. Ndaona achinyamata akupita ku m'bindikiro uliwonse wa maitanidwe kwa zaka 7 osalemba kalata ngakhale imodzi, ndipo ena akusunga chibwenzi zaka zomwezo osatumiza ankhoswe. Kudekha n'kofunika, koma kudekha kwina ndi mantha ovala chovala cha pemphero.

Ngati maganizo akhala nanu kupitirira chaka, mukupemphera, mukulandira masakramenti, mukutumikira kumphakati, ndipo munthu wokhwima m'chikhulupiriro amene amakudziwani akuti yesani, ponyani phazi limodzi. Pezani wansembe, sisitere kapena mkhristu wodalirika woti muzikumana naye kamodzi pamwezi. Funani kalata yanu ya ubatizo ndi ya kulimbitsa ku parishi kumene munabatizidwa, chifukwa kulikonse kumene mungapite, ku seminale, ku chipani kapena ku maphunziro a ukwati, adzaifunsa. Ngati parishi ili kutali, funsani akatekisiti tsiku limene bambo mfumu adzabwere kudzachita Misa kunthambi kwanu, ndipo tsikulo mufike msanga, anthu a kulapa asanachuluke pamzere.